Kumanzere kunalibe kanthu

Ndinapita kukaunikidwa m'mimba chifukwa cha ululu umene unkandigwira pansi pa nthiti za kumanja, ndipo adokotala ankakayikira kuti mwina ndili ndi timiyala mu ndulu. Timiyalato sitinapezeke, ululuwo unatha wokha patapita milungu ingapo, moti lero sindikumbukiranso bwinobwino mmene unkapwetekera. Chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga ndi mphindi zochepa zimene mayi woyendetsa makina ounikirawo anasiya kulankhula. Pa nthawiyo n'kuti ndili ndi zaka 37, ndipo ndinkaganiza kuti thupi langa ndikulidziwa.

## Tembenukirani uku

Anandigoneka chagada, anandipaka mafuta ozizira aja pamimba, n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo kawo uku akunditchulira chilichonse chimene chinkaoneka pagalasi la makinawo. Anali munthu wokonda kufotokoza. Anandionetsa chiwindi nati chili bwino, anandionetsa ndulu nati mulibe kanthu, kenako anafika pa impso ya kumanja, anaiyeza, n'kunena mongodutsa kuti ndi yaikulu ndithu. Atatero anandipempha kuti ndigonere mbali ya kumanja kuti aone impso inayo.

Apa ndi pamene anakhala chete. Anakanikiza kachipangizoko pakati pa nthiti, anakasunthira kumsana, anandiuza kuti ndikoke mpweya wambiri ndipo ndisautulutse kaye, ndipo tinabwereza zimenezi kanayi kapena kasanu. Kenako anandigonekanso chagada n'kutsikira m'munsi mwa mchombo, pafupi ndi chikhodzodzo, kumene ine sindinkaona chifukwa chofufuzirako. Pomaliza anandifunsa, maso ali pagalasi pomwepo: "Bambo, munachitidwapo opaleshoni ina iliyonse?" Nditayankha kuti ayi, anayang'anabe m'mbali mwanga ngati muli chipsera, n'kutuluka kukaitana adokotala.

Adokotala anafufuzanso okha, ndipo sanazungulire. Anati, "Bambo, zikuoneka kuti munabadwa ndi impso imodzi. Tijambulanso ndi makina ena kuti titsimikize, koma musachite mantha, chifukwa yomwe ilipoyi ikuoneka yathanzi." Ine ndinaseka, kuseka kwa munthu amene wasowa chochita ndi nkhope yake, n'kufunsa kuti nanga inayo inapita kuti. Iwo anayankha kuti sinapite kulikonse, sinakhalepo n'komwe. Chithunzi cha makina ena aja, otchedwa CT, chimene anandijambula patapita masiku angapo chinanena zomwezo: pamalo pamene panayenera kukhala impso ya kumanzere panali patakhala matumbo, ngati munthu amene wapeza mpando wopanda mwini.

Tsiku lomwelo adokotala anandiuza kuti ndiike dzanja pamene ndikuganiza kuti pali impso. Ndinagwira m'chiuno, pamene lamba amadutsa, monga mmene ambiri timachitira tikamadandaula msana. Anagwira dzanja langa n'kulikweza mpaka linafika pa nthiti zomalizira. Impso zimakhala pamenepo, kuseri kwa matumbo, mbali zonse ziwiri za fupa la msana, ndipo kumtunda kwake kumabisala pansi pa nthiti za m'munsi. Ya kumanja imakhala motsika pang'ono chifukwa chiwindi chimaipanikiza kuchokera pamwamba. Iliyonse ndi yaikulu ngati chibakera cha mwini wake, yotalika masentimita 11 kapena 12, yolemera magalamu pafupifupi 150. Yanga anaipeza ndi masentimita 13 ndi theka, chifukwa impso ikakhala yokha imakula kuti ikwanitse ntchito imene inayenera kugawana ndi inzake. Zaka zonsezo inali ikugwira ntchito ya awiri popanda kundiuza kanthu.

## Chigubu cha tsiku limodzi

Pofuna kudziwa mmene impsoyo ikugwirira ntchito, ananditenga magazi, kenako anandipatsa chigubu chachikulu kuti ndisunge mkodzo wonse wa maola 24. Lamulo lake linali lakuti mkodzo woyamba wa m'mawa nditaye, wotsatira wonse ndisunge, mpaka woyamba wa m'mawa wa tsiku linalo. Ndivomereze kuti ndinachita manyazi ndi chigubucho, ndipo ndinkachibisa ngakhale kwa anthu a m'nyumba mwanga momwe. Mkodzo ndi chinthu chimene tinaphunzira kusachiyang'ana kawiri, choncho kukhala nacho tsiku lathunthu, kuona mmene mtundu wake ukusinthira kuchoka pa wakuda wa m'mawa kufika pa woyera wa masana nditamwa madzi ambiri, kunali kwachilendo kwa ine.

Nditabweza chigubucho munali lita imodzi ndi mamililita 600. Adokotala analemba nambalayo papepala, ndipo pambali pake analemba 180. Anati malita 180 ndiwo madzi amene impso ziwiri za munthu wamkulu wathanzi zimasefa kuchokera m'magazi pa tsiku limodzi, pamene amene amatuluka ngati mkodzo amakhala lita imodzi kapena awiri basi. Ndinaganiza kuti alakwitsa, popeza thupi lonse la munthu silisunga madzi ochuluka chotero. Iwo anandikumbutsa kuti ndi madzi omwewo amene amazungulira. Impso, ngakhale kulemera kwake sikufika gawo limodzi pa magawo 100 a thupi, zimalandira pafupifupi gawo limodzi pa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa munthu akakhala phee, kutanthauza lita imodzi ndi kupitirira pa mphindi iliyonse. Madzi a m'magazi, amene amakhala malita atatu okha, amadutsa pa sefa ya impso maulendo pafupifupi 60 pa tsiku.

Kuyambira kusukulu ndinkadziwa kuti impso zimachotsa zoipa m'magazi, ndipo m'maganizo mwanga ndinkaziona ngati nsalu yosefera imene imagwira zinyalala n'kulola zabwino kudutsa. Manambala awiri a papepala aja anandionetsa kuti chithunzi chimenechi n'chopereŵera kwambiri. Mu impso iliyonse muli timasefa ting'onoting'ono totchedwa nephron, pafupifupi miliyoni imodzi, ngakhale kuti chiwerengerochi chimasiyana kwambiri munthu ndi munthu. Kasefa kalikonse kamayamba ndi kamfundo ka timitsempha ta magazi totchedwa glomerulus, timene wasayansi Marcello Malpighi anationa koyamba m'zaka za m'ma 1660, ndipo kamfundoko kamakhala m'kati mwa kakapu kamene William Bowman anakafotokoza mu 1842. Mphamvu imene mtima umakankhira magazi ndiyo imafinya madzi kudutsa m'makoma a timitsemphati n'kugwera m'kakapuko. Maselo a magazi ndi mapuloteni aakulu amatsala chifukwa sangakwane pa timabowo take, koma china chilichonse chaching'ono chimatuluka limodzi ndi madziwo: zoipa, inde, komanso shuga, mchere ndi zina zonse zimene thupi silingakhale popanda izo. Pa malo amenewa palibe kusankha kwenikweni.

Kusankha kumachitika pambuyo pake, m'kachubu kaatali kopindikapindika kamene kamachoka pa kakapu kaja, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kubweza. Pa magawo 100 alionse a madzi osefedwa, magawo 99 amabwerera m'magazi. Zili ngati munthu amene pofuna kuyeretsa m'nyumba watulutsa katundu yense pabwalo, kenako n'kumalowetsa chimodzichimodzi zimene akuzidziwa kuti ndi zake, n'kusiya zotsalazo kunja. Poyamba ndinaona ngati ndi kudzivutitsa, ndipo kunena zoona impso zimatha mphamvu zambiri pa ntchito yobwezayi. Koma nditalingalira ndinaona nzeru yake. Thupi silifunika kudziwiratu poizoni aliyense amene munthu angameze pa moyo wake, kuphatikizapo mankhwala amene sanali kupezeka m'nthawi ya makolo athu. Likungofunika kudziwa zake zokha, ndipo zachilendo zambiri zazing'ono zimene zatuluka pa sefa zimapita ndi mkodzo chifukwa palibe wozibweza. Pali zina zimene kachubuko kamachita kuzikankhira kunja mwadala, monga asidi wochuluka, potaziyamu ndi mankhwala ena, koma mtima wa ntchito yonse ndi kubwezako.

Chigawo choyamba cha kachubuko chimabweza magawo awiri pa atatu a madzi ndi mchere, ndiponso shuga yense. Mphamvu yake ili ndi malire: shuga wa m'magazi akakwera kupitirira pa mlingo wa 10 mmol/L kapena chapompo, wina amalephera kubwezedwa, amatsalira mu mkodzo n'kukokera madzi ambiri kunja. N'chifukwa chake munthu wodwala matenda a shuga amakodza pafupipafupi n'kumamva ludzu losatha. Kenako kachubuko kamatsika m'kati mwenimweni mwa impso n'kukweranso, mopindika ngati mbedza, ndipo chigawo chimenechi chili ndi dzina la Jakob Henle amene anachifotokoza mu 1862. Ntchito yake ndi kuunjika mchere m'kati mwa impso, kuti pamene mkodzo ukudutsa komaliza m'dera la mchere wambirilo, madzi athe kukokedwa kubwerera m'thupi. Kuchuluka kwa madzi obwererawo kumalamulidwa ndi homoni yotchedwa ADH (homoni ndi timadzi timene timanyamula uthenga m'thupi kudzera m'magazi), yochokera m'kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo. Munthu akatuluka thukuta kwambiri osamwa madzi, homoniyi imachuluka, madzi amabwezedwa, mkodzo umachepa n'kuda, ndipo ungathe kukhala wokhathamira kanayi kuposa madzi a m'magazi. Akamwa madzi ambiri, homoniyi imachepa, mkodzo umachuluka n'kuyera. Mitundu imene ndinkaiona m'chigubu muja inali zigamulo zimene thupi langa linkapanga ola lililonse popanda kundifunsa.

Zotsalira mu mkodzowo zili ndi kochokera kodziwika. Yuriya amapangidwa ndi chiwindi pamene thupi laphwanya mapuloteni, creatinine amachokera m'minofu, ndipo mtundu wachikasu uja umachokera ku maselo ofiira a magazi amene akalamba n'kuphwanyidwa. Popeza minofu imatulutsa creatinine wofanana tsiku ndi tsiku ndipo impso sizimubweza, kuchuluka kwake m'magazi ndiko madokotala amagwiritsa ntchito powerengera mphamvu ya sefa. Wanga anali pamalo oyenera.

## Funso la amayi

Nditawauza amayi, anakhala chete kwa nthawi yaitali kuposa mayi wa makina uja. Kenako anafunsa funso limene sindinalikonzekere: "Mwanangu, kodi ndinalakwitsa chiyani pamene ndinali woyembekezera?" Funsoli ndi limene linandichititsa kubwereranso kwa adokotala kukafunsa mmene impso zimayambira.

Zimayamba cha m'sabata yachisanu mwana ali m'mimba, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe kuti ali ndi pathupi. Mbali iliyonse, kamphukira kakang'ono kamatuluka pa kachubu kena n'kukula kulowera ku kagulu ka maselo kamene kakudikira. Ziwirizi zikakumana zimadzutsana: kamphukirako kamachita nthambi zimene zimadzakhala njira zosonkhanitsa mkodzo pamodzi ndi mpope wopita ku chikhodzodzo, pamene maselowo amasanduka timasefa tija. Kamphukirako kakapanda kutuluka, kapena kakalephera kufika, mbali imeneyo sipakhala impso. Zimenezi zimachitikira mwana mmodzi pa ana 1,000 kapena 2,000, ndipo ambiri mwa iwo amakula osadziwa monga ine. Impso zimayambira m'munsi, m'chiuno, n'kumakwera pang'onopang'ono kufika pansi pa nthiti, ndipo nthawi zina imodzi imatsakamira m'njira. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mayi uja anatsikira kukafufuza pafupi ndi chikhodzodzo: ankafuna impso yosochera.

Ndinawauza amayi kuti palibe chimene akanachita kapena kusiya kuchita chimene adokotala akuchiloza chala. Koma chimene chinawakhazika mtima pansi ndi china. M'miyezi yomalizira ya pathupi, madzi ambiri amene mwana amakhalamo m'chiberekero ndi mkodzo wake womwe, ndipo mapapo ake amafunika madzi amenewo kuti akule bwino. Mwana amene alibe impso zonse ziwiri amasowa madziwo, mapapo ake sakhwima, ndipo kawirikawiri sakhala ndi moyo akabadwa. Choncho kulira kwanga koyamba, kumene iwo amakukumbukira bwino, kunali umboni wakuti impso imodziyo inali itayamba kale ntchito ndili m'thupi mwawo. Anaseka, n'kunena kuti ndinalira mokweza kwambiri moti sakanakayikira mapapo anga.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sindinawauze. Timasefa tatsopano timasiya kupangidwa cha m'sabata ya 36, mwana asanabadwe, ndipo kuchokera pamenepo munthu sawonjezeranso ngakhale kamodzi. Kakawonongeka, malo ake pamatsala chipsera, ndipo totsalato timagawana ntchito yake. Impso yanga inakula makamaka chifukwa timasefa take tinakula, ndipo kalikonse kamasefa kuposa mmene kakanachitira pakanakhala inzake.

## Mpope umodzi

Za njira imene mkodzo umadutsa ukachoka mu impso sindinkaziganizira n'komwe, mpaka pamene ndinazindikira kuti ine ndilinso ndi mpope umodzi wokha. Mpope umenewu, umene madokotala amautcha ureter, ndi wotalika masentimita 25 mpaka 30 koma ndi wopapatiza, mamilimita ochepa chabe. Mkodzo sumangogwa m'menemo: makoma ake ali ndi minofu imene imafinya motsatizana, n'chifukwa chake umafika ku chikhodzodzo ngakhale munthu atagona. Mpopewo umalowa m'khoma la chikhodzodzo mopendekeka, moti chikhodzodzo chikadzaza chimaupana n'kuutseka kuti mkodzo usabwerere kumtunda. Chikhodzodzocho chimasunga pafupifupi theka la lita, ngakhale kuti munthu amayamba kumva kufuna kukodza chisanafike pamenepo. Pakhomo pake pali minofu iwiri yotseka, wina umene umadzigwirira ntchito wokha ndi wina umene timaphunzira kuulamulira tili ana. Njira yotulukira kunja ndi yaifupi mwa akazi, masentimita anayi, pamene mwa amuna imafika masentimita 20 ndipo imadutsa m'kati mwa prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha amuna. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti tizilombo tifike msanga m'chikhodzodzo cha akazi, ndiponso kuti amuna achikulire azivutika kukodza prostate ikakula.

Munthu wa impso ziwiri kamwala kakatseka mpope umodzi amamva ululu woopsa, koma impso inayo imapitiriza ntchito. Kwa ine kamwala komweko kangaimitse zonse. Adokotala anandiuza mosabisa kuti tsiku limene ndidzamve ululu m'mbali n'kuona kuti mkodzo wasiya kutuluka, ndisadzadikire kuti kuche.

## Zimene ndinasiya ndi zimene ndimayeza

Chinthu choyamba chimene chinasintha ndi mapiritsi. Ndinali munthu womeza ibuprofen kapena diclofenac mutu ukangoyamba kuwawa, nthawi zina masiku angapo otsatizana. Mankhwala a mtundu umenewu amaletsa timadzi timene timathandiza kuti mitsempha yolowetsa magazi mu timasefa ikhale yotseguka, ndipo munthu akawamwa thupi lili lopereŵera madzi, sefa imatha kufooka mwadzidzidzi. Si oipa kwa aliyense, koma ine ndilibe impso yachiwiri yoti iphimbe cholakwa changa, choncho panopa ndimayamba ndafunsa.

Chachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinadabwa kumva kuti impso sizingovutika ndi vutoli, komanso zimatenga nawo mbali poliyambitsa. Zikaona kuti magazi ofika kwa izo achepa, zimatulutsa timadzi totchedwa renin, timene timayambitsa ndondomeko yofinya mitsempha ndi kusunga mchere m'thupi, ndipo magazi amayamba kuthamanga kwambiri. Impso yodwala imakweza kuthamanga kwa magazi, kuthamangako kumawononganso timasefa, ndipo ziwirizi zimangokankhana. Impso zomwezo zimatulutsa homoni ya erythropoietin imene imauza mafuta a m'kati mwa mafupa kuti apange maselo ofiira, ndiponso zimamalizitsa kukonza vitamini D kuti thupi lithe kuyamwa kashiamu. N'chifukwa chake munthu amene impso zake zafooka amachepa magazi ndipo mafupa ake amafooka, zinthu zimene sindikanaziganizira kuti zikukhudzana ndi mkodzo. Makina osefa magazi, amene Willem Kolff anayamba kuwayesa pa odwala ku Netherlands mu 1943, amachotsa zoipa ndi madzi ochuluka, kawirikawiri katatu pa sabata kwa maola anayi, koma ntchito zinazi sangazigwire.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi kufatsa kwa chiwalochi. Ngati ine ndinakhala zaka 37 ndili ndi theka la zimene ena ali nazo osamva kalikonse, ndiye kuti munthu wa impso ziwiri angathenso kutaya theka la mphamvu yake osadziwa. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene ndiwo amawononga impso za anthu ambiri padziko lonse, amagwira ntchito yawo mwakachetechete kwa zaka, ndipo pamene mapazi ayamba kutupa zinthu zimakhala zitapita patali. Chizindikiro choyambirira nthawi zambiri chimakhala mapuloteni ochepa amene ayamba kudontha pa sefa n'kupezeka mu mkodzo, ndipo amaoneka pokhapokha munthu akayezetsa.

Usiku wina, mantha atandigwira, ndinawerenga za Ronald Herrick. Pa 23 December 1954, ku Boston, dokotala Joseph Murray anaika impso ya Ronald m'thupi la Richard, m'bale wake amene anabadwa naye mapasa ofanana, ndipo aka kanali koyamba kuti opaleshoni yotere ipambane. Ambiri amakumbukira wolandirayo ndi dokotalayo, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1990. Ine ndinkafuna kudziwa za wotsala ndi impso imodziyo. Anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 79, patatha zaka 56 chiperekereni impso yake. Ndinawerengera zala, n'kugona.

Tsopano chaka chilichonse ndimayezetsa zinthu zitatu: kuthamanga kwa magazi, creatinine, ndi mapuloteni a mu mkodzo. Nthawi zina amandiunikanso. Ulendo wapitawu ndinapeza mnyamata wina amene sanali kundidziwa, ndipo atamaliza kuyeza kumanja n'kundiuza kuti nditembenuke, ndinamuchenjeza kuti asavutike, kumanzereko kulibe kanthu. Anagwedeza mutu mwaulemu, anati wamva, koma anakanikizabe kachipangizo kake pakati pa nthiti zanga n'kundipempha kuti ndikoke mpweya, ndisautulutse kaye.